MOTO WA PA NAMUGONGO

M'makomboni a ku migodi ndi m'mizinda ina ya Zambia muli ana ambiri ochedwa Kizito, ndi ena ochedwa Lwanga, ndipo maina omwewa alembedwa pa makomo a machalichi ndi masukulu. Ku Chikuni, kufupi ndi Monze, kuli sukulu ya aphunzitsi yodziwika ndi dzina la Charles Lwanga. Koma maina amenewa si a Cinyanja, kapena a Ciwemba, kapena a Citonga. Anacokera kutali kumpoto, ku dziko la Buganda, m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya Victoria, ndipo eni ace anali anyamata otumikira pa bwalo la mfumu, amene anatenthedwa amoyo pa 3 June 1886. Limeneli ndilo tsiku limene Akristu amawakumbukira caka ndi caka, ndipo ku Uganda maofesi ndi masukulu amatsekedwa pa tsikulo. Akatolika amawerenga anthu ao 22, Aanglikani amawerenga 23. Onsewa amachedwa Amaritiri, ndiko kunena anthu amene anacitira umboni cikhulupiriro cao mwa kulola kufa.

Kuti munthu amvetse cimene cinaphetsa anyamatawa ayenera kuyamba wadziwa ufumu umene anabadwiramo. Buganda linali dziko la dongosolo, la miseu yotakata, minda ya nthoci yosaoneka polekezera, nsalu za nyanda zosalala, ndi mabwato ankhondo ambirimbiri pa nyanja. Mfumu yace yaikulu inkachedwa Kabaka. Kwa Acewa ndi mitundu ina ya kuno mfumu imamvera akuluakulu ace, ndipo ufumu wa pa mudzi umayenda m'mbumba. Koma ku Buganda pa nthawi imeneyo mafumu ambiri a zigawo ankaikidwa ndi Kabaka yekha, ndipo iye yemweyo ankawacotsa tsiku liri lonse limene wafuna. Munthu amene m'mawa anali mwini ng'ombe ndi akapolo ankatha kugona m'goli madzulo ace. Nthaka inali ya Kabaka, anthu anali ace, ndi matupi ao omwe. Kumkaniza kanthu cinali cinthu cimene ambiri sanacionepo cibadwire.

Mafumu ang'onoang'ono ndi akulu a mabanja ankatumiza ana ao aamuna ku bwalo la Kabaka kukatumikira. Anyamatawa ankachedwa bagalagala, ndipo analipo mazana angapo. Ena ankasesa, ena ankanyamula mauthenga, ena ankasunga cuma ca mfumu, ena ankalonda pa makomo. Imeneyi ndiyo inali sukulu ya dzikolo, pakuti mnyamata wocenjera amene mfumu yamkonda ankatulukamo ali nduna kapena mkulu wa asilikari. Amene anacoka kumudzi ali wamng'ono kudzafuna nchito ku Nkana kapena ku Luanshya adziwako pang'ono za moyo wotere, wakuti cakudya, pogona ndi kukwezedwa zonse ziri m'manja mwa bwana mmodzi. Koma wa pa mgodi ali ndi kwao kobwerera akatopa nayo nchito. Mnyamata wa Kabaka akathawa ankasiya atate wace ndi abale ace m'tsoka.

Zipembedzo zacilendo zinafika m'dzikomo motsatizana. Oyamba anali Aluya a ku Zanzibar, amene anafika m'zaka za m'ma 1840 kudzagula minyanga ndi akapolo, nabwera naco Cisilamu. Kabaka Mutesa anacikonda, naphunzira kuwerenga Ciarabu, nasunga mwezi wa kusala zakudya zaka zingapo; koma sanalole mdulidwe, cifukwa mwambo sunalole kuti mwazi wa Kabaka ukhetsedwe. Ca m'ma 1876 anyamata ace ena amene analowa Cisilamu ndi mtima wonse anakana kudya nyama yophedwa ndi anthu a mfumu osadulidwa, ndipo Mutesa anawatentha, anthu monga 70, pa malo ophera anthu ochedwa Namugongo. Nkhani imeneyi imaiwalika kawirikawiri, koma iyenera kuchulidwa, cifukwa isonyeza kuti mlandu wa pa Namugongo sunayambe ndi Akristu. Unali mlandu wa mfumu imene yapeza kuti m'nyumba mwace muli anthu omvera lamulo lina loposa lace.

M'caka ca 1875 Henry Morton Stanley anaceza kwa Mutesa, nalemba kalata ku London yopempha aphunzitsi a Mau a Mulungu. A mishoni ya Church Missionary Society anafika mu June 1877, ndipo caka cotsatira kunafika Alexander Mackay wa ku Scotland, munthu wodziwa za makina, amene anayamba kusindikiza timapepala ta m'cinenero ca Luganda. Pa 17 February 1879 bwato linakoceza pafupi ndi Entebbe muli Afalansa awiri a gulu la White Fathers, Bambo Siméon Lourdel ndi Brother Amans. Abaganda, pomva mnzaceyo alikuitana Lourdel m'Cifalansa kuti "mon père", anampatsa dzina lakuti Mapeera, ndipo ndilo dzina lace ku Uganda kufikira lero. Mackay ndi Mapeera anakangana kolimba pamaso pa mfumu, yense kunena kuti mnzace aphunzitsa zosokeretsa, ndipo Mutesa, amene pa za ndale anali wocenjera kuposa onse awiri, anangomvetsera osalowa kwa ali yense. Cimene anacita ndico kuwaletsa kukhala kutali ndi likulu, kuti maso ace akhale pa iwo. Cotero amene anayamba kumva ciphunzitso catsopano anali anyamata a m'nyumba mwace mwenimweni. Ankazemba kupita kwa Afalansa kapena ku Natete kwa Angelezi, ndipo popeza ciphunzitsoco cinadza ndi zilembo, Akristu oyambawo anachedwa owerenga.

Mu November 1882 ansembe a White Fathers anacoka m'Buganda poopa ciwembu, nakakhala kummwera kwa nyanja. Anasiya obatizidwa owerengeka cabe. Munthu akadaganiza kuti kamoto kotere kazima pa mwezi umodzi, koma pobwerera mu July 1885 ansembewo anapeza opemphera atacuruka kwambiri. Anawaphunzitsa ndani? M'kati mwa mpanda wa mfumu munali Joseph Mukasa Balikuddembe, mtumiki wokondedwa wa Mutesa, amene ankasonkhanitsa anyamata anzace usiku. Kunja kunali Andrew Kaggwa, mkulu wa oimba ng'oma ndi malipenga a mfumu, munthu wobadwira ku Bunyoro amene anagwidwa pa nkhondo ali mwana. Nyumba yace inasanduka pophunzirira, ndipo pa nthawi ya mliri iye ankatola odwala amene abale ao awataya, nawasamala, nabatiza amene ali pafupi kufa. Ku Mityana, ulendo wa masiku awiri kumadzulo, kunali Matthias Kalemba, bambo wacikulire wogwira nchito ya kuweruza milandu kwa mfumu ya cigawo, amene anayamba wafunafuna coonadi kwa Asilamu ndi kwa Angelezi asanabatizidwe ndi Akatolika mu 1882.

Pali anthu amene amati anyamata a pa Namugongo anafera cipembedzo ca Azungu. Onena zimenezi aiwala zaka zimene ansembe kunalibe. Ambiri mwa amene anatenthedwa anaphunzira mapemphero ao oyamba kwa Muganda mnzao, m'cinenero cao, atakhala pa mphasa m'nyumba ya udzu, mosatumidwa ndi Mzungu ali yense ndi mopanda malipiro. Boma la Angelezi linali lisanafike, ndipo kukhala Mkristu sikunali njira yopezera ukalaliki kapena ukapitao monga kunadzakhalira pambuyo pace.

Mutesa anamwalira mu October 1884, ndipo analowa m'malo mwana wace Mwanga, mnyamata wa zaka monga 18. Ambiri polankhula za Mwanga amangoti anali wamisala wokonda mwazi, koma kutero ndi kupeputsa mbiri. Zoona, anali wosakhazikika mtima, wosuta camba, woseka ndi munthu lero nkumupha mawa. Koma zimene ankaopa sizinali maloto. Anamva kuti Ajeremani alikutenga maiko kugombe loyang'anana ndi Zanzibar. Anadziwa kuti Aigupto anayesapo kutambasula ufumu wao kucokera kumpoto m'masiku a atate wace. Ndipo akuluakulu osunga miyambo ankamuuza tsiku ndi tsiku kuti alendowa ayamba ndi buku, pambuyo pace adzadya dziko. Zaka 10 zisanathe dziko linadyedwadi. Tsoka lace linali lakuti anafunafuna adani pakati pa anthu amene anali okhulupirika kwa iye kuposa ena onse. Pamene nduna yaikulu, yochedwa Katikkiro, inapangana ndi mafumu ena kumcotsa pa mpando kuciyambi kwa 1885, amene anamuululira ciwembuco anali Balikuddembe ndi Kaggwa. Katikkiro analira, napepesa, nakhululukidwa, nasunga udindo wace. Koma sanawaiwale anthu awiriwo.

Mwazi woyamba wa Akristu unakhetsedwa pa 31 January 1885. Anyamata atatu a mishoni ya Angelezi, Makko Kakumba, Nuwa Serwanga ndi Yusufu Lugalama, amene anali mwana wa zaka monga 12, anagwidwa alikuperekeza Mackay ku nyanja, ndipo anatenthedwa m'mbali mwa dambo pafupi ndi Natete. Mu October caka comweco Bishopu James Hannington, amene anatumidwa kudzayang'anira mishoni ya Angelezi, anasankha njira yacidule yodzera kwa Amasai ndi ku Busoga, m'malo mozungulira kummwera kwa nyanja monga ankacitira anzace. Sanadziwe kuti Abaganda ankayesa Busoga khomo la kuseri la nyumba yao, ndi kuti panali mau akale akuti wodzalanda dziko adzalowera komweko. Mwanga analamula, ndipo pa 29 October Bishopuyo anaphedwa ndi mikondo pamodzi ndi amtengatenga ace ambiri.

Balikuddembe, amene tsopano anali woyang'anira nyumba yonse ya mfumu, ali ndi zaka monga 25, anacita cosacitika. Iye Mkatolika anadzudzula Kabaka pamaso cifukwa ca imfa ya Bishopu wa mpingo wina. Ndipo panalinso nkhani ina imene inali kunyeka pansi monga moto wa m'mankhusu. Mwanga anali ndi cizolowezi cokakamiza anyamata ace kugona naye, monga munthu wocita cimene afuna ndi katundu wace, ndipo kale panalibe mnyamata amene akadayesa kukana. Tsono owerenga anayamba kukana. Mfumu ikaitana mwana wakuti, Balikuddembe ankamtuma kwina msanga, nabwera kudzanena kuti palibe. Mwanga anaona kuti mau ace, amene ankagwedeza dziko lonse, alikulephera pa khomo la cipinda cace comwe.

Pa 15 November 1885 Balikuddembe anaweruzidwa kuti atenthedwe. Mkulu wa akupha anthu, dzina lace Mukajanga, ankamlemekeza, ndipo anazengereza dala poyembekeza kuti mtima wa mfumu utsika. Koma Katikkiro anatumiza mau akuti afulumire. Balikuddembe anakana kumangidwa, nayenda yekha kunka ku cigwa ca Nakivubo, kumene lero kuli pakati pa mzinda wa Kampala. Mukajanga anamcitira cifundo cimodzi cimene cinali m'manja mwace, cakuti anayamba wamdula mutu asanamuike pa moto. Uthenga umene anasiyira mfumu unali wakuti yamupha popanda cifukwa, kuti iye waikhululukira, koma ilape. Mthenga wa Mwanga wodzaletsa cilangoco anafika utsi uli kale m'mwamba.

Zimene zinatsata zinadabwitsa mfumu ndi ansembe omwe. Usiku womwewo anyamata anazemba m'mpanda kupita ku mishoni kukapempha ubatizo, kuti imfa ikadza iwapeze okonzeka. Mmodzi wa iwo anali Charles Lwanga, katswiri wa kulimbana, wa zaka monga 25, amene ankayang'anira anyamata a m'nyumba yaikulu ya milandu. Iyeyu ndiye anatenga nchito ya Balikuddembe ya kubisa ana ndi kuwalimbitsa mtima. Mu February 1886 nyumba za mfumu za pa Mengo zinapsa, ndipo bwalo linasamukira ku Munyonyo, m'mbali mwa nyanja. M'mwezi wa May kunamveka mbiri yakuti Clara Nalumansi, mwana wamkazi wa Mutesa, amene anapatsidwa kusunga manda a Kabaka wina wakale, watentha zithumwa zonse za pamalopo. Akuluakulu ananjenjemera ndi mkwiyo, nati owerengawa adzaitanira dziko tsoka.

Pa 25 May, tsiku Laciwiri, Mwanga anapita pa nyanja kukasaka mvuu, nabwera cimanjamanja ali wokwiya. Pofika pa bwalo sanapeze anyamata omlandira. Anafunsa za Mwafu, mwana wa Katikkiro, amene ankamkonda koposa, namva kuti anali ndi Denis Ssebuggwawo, mnyamata wa zaka 16, amene anali kumphunzitsa katekisimu. Mfumu inatenga mkondo, nimkantha nao Denis, nimpereka kwa akupha, amene anamtsiriza m'mawa mwace. Inayendayenda m'mpanda monga njati yolasidwa, nimenya ndi kubvulaza Apolo Kagwa, Mwanglikani wosunga cuma, amene anapulumuka nadzakhala Katikkiro wa Buganda zaka zoposa 30. Makomo anatsekedwa ndipo alonda anasonkha moto kuzungulira mpanda. M'kati mwa usiku umenewo Lwanga anatenga madzi nabatiza yekha anyamata amene anali asanabatizidwe, pakati pao Gyavira, Mugagga, Mbaga Tuzinde, ndi Kizito, wamng'ono wa onse, wa zaka monga 14.

Kutaca Mwanga anaitana mafumu nawadandaulira kuti anampatsa ana oipa. Mafumuwo, ena mwa iwo atate a anyamata omwewo, anayankha kuti awaphe, adzampatsa ena abwino. Pamenepo anyamata onse anasonkhanitsidwa, ndipo mfumu inalamula kuti opemphera apatuke akaime ku mpanda, osapemphera atsale pafupi nayo. Lwanga ananyamuka woyamba, atagwira Kizito pa dzanja monga anamlonjezera. Ena anatsata. Bruno Serunkuma, msilikari amene anali pakati pa alonda ndipo palibe anamuitana, anacoka pa malo ace nakaima nao. Mwanga anawafunsa ngati atsimikiza kukhalabe Akristu, ndipo anabvomera kuti inde, kufikira imfa. Mapeera anali kunja kwa cipata, atathamanga m'mvula kudzapepesa, koma sanaloledwe kunena kanthu. Anawaona alikutuluka atamangidwa pa cingwe cimodzi mothinana, kotero kuti ankapunthwa poyenda, ndipo analemba pambuyo pace kuti Kizito anali kuseka poona kupunthwako.

Namugongo ali pa mtunda wa mamailosi monga 10 kucokera ku Mengo, ndipo si onse anafikako. Kaggwa sanali pa gulu loyamba, pakuti mfumu inkamfuna cifukwa ca ng'oma zace, koma Katikkiro anampempha kwa mfumu, nalumbira kuti sadzadya kufikira ataona dzanja lace litadulidwa. Analiona tsiku lomwelo. Pontian Ngondwe analasidwa ulendo ungoyamba. Athanasius Bazzekuketta anapempha kufera pa Nakivubo pamene anafera mphunzitsi wace Balikuddembe. Gonzaga Gonza, amene maunyolo anamlowa m'miyendo yotupa, anagwa pa njira naphedwa pomwepo. Ku Mityana anagwira Noe Mawaggali, woumba mbiya, namlasa, nammangirira ku mtengo kuti agalu amtsirize.

Imfa yowawa kuposa zonse inali ya Matthias Kalemba, wa zaka monga 50. Atafika pa phiri la Kampala anakhala pansi, nati sapitirira, amuphere pomwepo. Katikkiro anali atamnyoza kuti Mulungu wace amlanditse, ndipo iye anayankha kuti adzamlanditsadi, koma iwo sadzaona m'mene adzacitire, pakuti adzatenga mzimu nawasiyira thupi. Akupha anamdula manja ndi miyendo, namanga mitsempha kuti mwazi usathe msanga, namsiya m'udzu pa dzuwa. Patapita masiku awiri kapena atatu anthu odzadula bango anamva liu lopempha madzi. Atayandikira naona cimene cinali pamenepo anathawa, poopa kuti wompatsa madzi adzalowa mlandu womwewo.

Otsalawo anasungidwa pa Namugongo sabata yathunthu, ali m'magoli ndi m'matangadza, pamene anthu a Mukajanga anali kutema nkhuni ndi kuluka mphasa za bango. Sabata imeneyi ndiyo iyenera kuganiziridwa koposa, cifukwa kulimba mtima kwa kanthawi pamaso pa mfumu yokwiya nkwapafupi poyerekeza ndi kukhala masiku 7 ulikumva nkhwangwa zilikutema nkhuni zako. Khomo lotulukira linali losatseka kwenikweni, makamaka kwa Mbaga Tuzinde, amene anali mwana wa m'nyumba ya Mukajanga mwini. Mkuluyo anamcotsa pakati pa anzace, nampereka kwa abale kuti amnyengerere. Anamuuza kuti angonena mau amodzi, adzambisa kutali kumene mfumu sidzamva za iye. Mnyamatayo anali atabatizidwa sabata imodzi yokha, koma anakana, ndipo m'mawa wa tsiku lomariza anathamangira kwa anzace amene anamlandira ndi cimwemwe. Panalinso Mukasa Kiriwawanvu, woperekera zakudya, amene anali kale m'ndende pa mlandu wina, wakuti anamenya Gyavira atakangana. Anamtulutsa m'ndendemo kuti akafe ndi opemphera, popeza nayenso anali kuphunzira, ndipo iye ndi Gyavira anakomana pa Namugongo nayanjana. Anafa wosabatizidwa ndi madzi, koma dzina lace liri pakati pa 22 aja.

Pa 3 June, tsiku Lacinai, limene caka cimeneco linali tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu, akupha anthu anadzipaka dothi lofiira ndi mwaye, nabvala zikopa ndi zithumwa, naimba ng'oma. Mwa mwambo panali mkulu wina wochedwa Ssenkoole, wosunga muuni wa moto, amene ankakhudza nao wolakwa ali yense podutsa, ndipo ankadzisankhira munthu mmodzi womtentha payekha. Anasankha Lwanga. Anamsonkhera moto wapang'onopang'ono kuyambira ku mapazi, ndipo amene analipo anati Lwanga anapempha kuyala yekha nkhuni zace, nauza Ssenkoole kuti moto umenewo uli ngati madzi kwa iye, koma alape. Mau ace omariza anali Katonda, ndilo dzina la Mulungu m'Luganda.

Enawo anawatengera patsogolo pang'ono. Yense anakulungidwa m'mphasa ya bango, namangidwa, naikidwa pa mulu wa nkhuni, ndi nkhuni zina pamwamba. Mukajanga anayesa kotsiriza kupembedza Mbaga, ndipo atalephera analamula kuti amkanthe ndi cibonga kumbuyo kwa khosi, kuti moto ulandire mtembo. Iye mwini anaphimba nkhope nalira. Pa mulu umodzi umenewo panagona anthu monga 30: Akatolika 12, Aanglikani monga Nuwa Walukaga wosula zitsulo, Robert Munyagabyanjo ndi Alexander Kadoko mbale wace wa Serunkuma, ndiponso akaidi ena a milandu yosakhudza cipembedzo. Moto unayatsidwa kuzungulira ca m'ma 12 koloko. Akuphawo ananena pambuyo pace kuti anapha anthu ambiri pa moyo wao, koma sanaonepo otere, pakuti m'malo mwa kulira ndi kutukwana kunamveka mapemphero okha kufikira mau anazilala.

Zonsezi zidziwika bwino cifukwa anyamata atatu sanakhudzidwe ndi muuni wa Ssenkoole, ndiko kusonyeza kuti mfumu yawasiya amoyo. Anakulungidwa m'mphasa monga anzao, koma anawacotsa moto usanayake, nawabwezera kundende. Mmodzi wa iwo, Denis Kamyuka, analira pocotsedwapo, ndipo ndiye anadzafotokoza mwatsatanetsatane za sabata ya pa Namugongo. Kupha sikunalekere pomwepo. Anthu ena anaphedwa m'midzi amene maina ao sanalembedwe, ndipo womariza wa Akatolika 22, Jean-Marie Muzeyi, anadulidwa mutu pa 27 January 1887 naponyedwa m'dambo.

Mbiri ya zaka zotsatira si yokoma monga angafunire alaliki. Owerenga anacuruka msanga, ndipo posacedwa anali ndi mfuti. Mu September 1888 Akristu ndi Asilamu anagwirizana napitikitsa Mwanga. Mwezi wotsatira Asilamu anapitikitsa Akristu. Mu 1889 Akristu anambweza Mwanga yemweyo pa mpando, koma tsopano mphamvu inali yao. Ndipo pa 24 January 1892, zaka 6 zisanakwane cicokere pa moto uja, Aanglikani ndi Akatolika anaomberana mfuti pa Mengo polimbirana maudindo, Captain Frederick Lugard nathandiza Aanglikani ndi mfuti yace ya Maxim. Abale a anthu amene anapsa pa mulu umodzi anaphana okhaokha. Mu 1894 Buganda linalowa pansi pa citetezo ca Britain. Mwanga anapandukira Angelezi mu 1897, nagwidwa mu 1899, natumizidwa ku zisumbu za Seychelles, kumene anabatizidwa mu mpingo wa Anglikani nachedwa Danieri. Anafera komweko mu 1903 ali ndi zaka zosakwana 40, ndipo mtembo wace unabwezedwa mu 1910 nuikidwa pa Kasubi pafupi ndi atate wace.

Gulu lomwelo la White Fathers ndilo linafika ku Mambwe mu 1891, ku Kayambi mu 1895 ndi ku Mua mu 1902, ndipo ansembe ace ankasimbira ophunzira ao za anyamata a ku Uganda. Ndimo m'mene maina a Kizito ndi Lwanga analowera m'midzi ya kuno. Pa 6 June 1920 Papa Benedict XV anawachula Odala, Kamyuka ali pomwepo ku Roma, bambo wa imvi. Pa 18 October 1964 Papa Paul VI anawachula Oyera pamaso pa mabishopu a dziko lonse lapansi osonkhana ku msonkhano wa Vatican, patatsala masiku 6 kuti Zambia alandire ufulu, ndipo m'ulaliki wace anachulanso Aanglikani amene anafera dzina la Kristu. Mu 1969 anadza yekha ku Uganda, Papa woyamba kuponda nthaka ya Afrika ali pa udindo.

Lero pa Namugongo pali malo awiri opemphererapo, otalikirana pang'ono. Caka ciri conse anthu zikwi zambirimbiri amafikako, ena atayenda pansi masabata awiri kapena atatu kucokera kumpoto kwa Uganda, ku Kenya ndi ku Tanzania, ena pa mabasi kucokera ku Zambia ndi ku Malawi. Chalichi cacikulu ca Akatolika, cimene cinatsegulidwa mu 1975, cinamangidwa mozungulira monga nyumba ya Ciganda, pa mizati 22 ya mkuwa, ndipo guwa lace liri pa malo amene Lwanga anapsera yekha. Malo a mulu waukulu wa nkhuni ali m'manja mwa Aanglikani. Zotsala za pa moto uja zinaikidwa komweko pamodzi, popeza panalibe munthu wotha kusiyanitsa mafupa a Mkatolika ndi a Mwanglikani, kapena a opemphera ndi a akaidi ena aja. Papa Paul VI anapita kukapemphera kumeneko, ndipo anateronso Papa John Paul II mu 1993 ndi Papa Francis mu 2015.